Kalata ya Bwana Chikaonda

"Mafomu amenewo kuno kulibenso, bambo. Zonse za maulendo akunja zidapita ku City Centre."

Kalaliki adanena zimenezi osadzutsa mutu, ali kalikiliki kusongola pensulo ndi lezala. Jobu Zikhale adaimabe pawindo, chipewa chili m'manja. Adali atafika pa ofesi ya m'tauni yakale ija mame asadaume, ndipo adaima pamzere mpaka mthunzi wa mtengo udawathawa onse.

"Koma sabata yatha ku City Centre komweko anandiuza kuti ndibwere kuno."

"Imeneyo inali sabata yatha. Boma lili pa msamuko, bambo. Chimene chagona kuno lero, mawa chidzukira kwina. Wotsatira abwere."

Chidali chaka chomwe likulu la dziko lidachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Malole ankafika tsiku ndi tsiku atasenza matebulo, makabati ndi makatoni a mapepala, ndipo munthu wofuna chidindo ankachisaka ngati mbuzi yosochera. Jobu adali atachisaka sabata ziwiri.

Ntchito yake idali yosamalira pabwalo kwa a Lawford Chikaonda, mkulu wina wa m'boma amene adabwera ndi msamuko womwewo n'kupatsidwa nyumba yatsopano ku Area 43. Pamene Jobu ankayamba, panyumbapo padali zidutswa za njerwa ndi dothi lofiira lokhalokha. Tsopano padali kapinga wobiriwira, mpanda wa maluwa wodulidwa bwino ndi mitengo ya mandimu yofika m'chiuno. Koma manja ake sadali a maluwa. Adasankhapo fodya zaka zisanu ndi ziwiri pa esiteti ina ku Namitete, ndipo tsamba ankalidziwa pongolikhudza, maso ali kwina. N'chifukwa chake mkulu wake Nebert, yemwe adali kapitawo pa famu ina kufupi ndi Halale, adamulembera kalata. Mwini famuyo ankafuna anthu odziwa kusankha fodya, ntchito ya miyezi isanu basi, koma munthu afike tsiku la Pasaka lisadadutse.

Miyezi isanu imeneyo ikadamupatsa Jobu kanyumba kakekake. Mudzi wawo udasamutsidwa kuti padutse msewu wa likulu, ndipo chisamukire, iye ndi mkazi wake Efelo ankaonana ngati anthu a chibwenzi. Jobu ankagona kukota kuseri kwa nyumba ya abwana, kumene adona adaletsa akazi ndi ana. Efelo ankakhala kwa mkulu wake ku Mchesi n'kumagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Lilongwe.

Atachoka pa ofesi paja, Jobu adawoloka mlatho n'kulunjika kumsika. Moyang'anana ndi chipata cha msikawo, pakhonde la sitolo, pankakhala Che Sadiki, telala amene adakhalako ku Halale zaka khumi ndi ziwiri. Atangomuona adasiya kupalasa makina.

"Nkhope imeneyo ndaidziwa. Akukankhaninso ngati mpira."

"Andikankha," adatero Jobu, akukhala pa benchi.

"A Zikhale, ine ndikuuzeni monga munthu amene adayendapo. Njira zopitira kumeneko ndi zitatu. Yoyamba inali ya kontalakiti: umalembetsa dzina, amakupima pachifuwa, amakukweza okha. Imeneyo adatseka, iwalani. Yachiwiri ndi imene mukulimbana nayoyi, ya chiphaso. Ndi yabwino, koma imafuna munthu amene sakalamba msanga. Yachitatu ndi yathu amphawife, selufu, yodziyendera wekha popanda pepala. Mphwanga Mikaili amapita ndi lole ku Dedza Lachinayi lililonse. Mukatsika pamalire, mwendo ndi pakamwa zimakufikitsani."

"Yachitatuyo muisokere m'thumba mwanu momwemo, Che Sadiki."

Adali Efelo. Adali ataona mwamuna wake akudutsa, n'kusiyira mnzake malonda. Adaima kumapeto kwa khonde akupukuta manja kuchitenje.

"Bambo anga adapita selufu ine ndisadagweruke mano. Mpaka lero sitidziwa ngati tizilira maliro kapena tizisesa pabwalo. Munthu wa pepala boma limadziwa kumene ali. Awa apita ndi chiphaso, apo ayi sapita."

"Mlamu, pepala silibweza mwamuna. Ine ndidapita wopanda ngakhale chitupa cha msonkho, si uyu ndili pano?"

"Muli pano chifukwa adakuthamangitsaniko."

Che Sadiki adaseka mpaka tepi idagwa m'khosi. Jobu sadaseke. Ankaganiza za mtunda wobwerera ku Area 43 ndi bodza loti akauze adona.

Bodza lake lidali la dzino. Ndi dzino limenelo adapita ku City Centre Lolemba lotsatira, kumene nyumba zosanja zidaima zokhazokha pakati pa tchire ngati zangogwa kuchokera kumwamba. Ofesi ya ziphaso idali pamwamba, m'chipinda chonunkha utoto. Makatoni omanga ndi chingwe adadzaza m'njira mpaka anthu ankadutsa cham'mbali. Pakauntala padali mayi wina wa magalasi, anzake ankamutchula kuti Bernadetta. Ameneyu sadamubweze. Adamupatsa fomu n'kumuuza zoti abweretse: zithunzi ziwiri, chitupa cha msonkho, ndi kalata ya mwini famu yomuitana.

Jobu adatsika masitepe mtima uli m'malo. Sadadziwe kuti masitepe amenewo adzawakwera kasanu.

Ulendo wachiwiri zithunzi zidakanidwa chifukwa khutu limodzi silinkaoneka. Adabwerera kwa wojambula m'tauni yakale, n'kukhala pampando makutu ali tcheru ngati mbewa. Ulendo wachitatu zithunzi zidalandiridwa, koma chidindo chidali m'kabati, ndipo mwini kiyi adali atapita ku Zomba kukatenga banja lake. Ulendo wachinayi mwini kiyi adali atabwera, Jobu adamuona ndi maso ake akumwa tiyi, koma mayi Bernadetta adatembenuza mapepala ake uku ndi uku n'kupumira m'mwamba.

"Chatsala chimodzi, bambo. Kalata ya amene mukuwagwirira ntchito panopa, yonena kuti akukumasulani."

"Nanga bwanji simudandiuze tsiku loyamba lija, mayi?"

"Tsiku loyamba lija nanenso sindinkadziwa. Lamulo lake labwera m'katoni ya dzulo."

Jobu adafuna kunena zambiri. Adafuna kunena kuti kuchokera ku Area 43 kufika pano palibe basi, kuti dzulo adona anamufunsa chifukwa chimene dzinolo osangolizula, kuti fodya sadikira katoni. Koma kumbuyo kwake kudali anthu ena khumi ndi mapepala awo m'manja, ndipo mayiyo sadali mdani wake. Adavala chipewa n'kutsika.

Padalibenso kothawira. Loweruka m'mawa, atatha kutsuka galimoto, adapita pakhonde pamene a Chikaonda ankawerenga nyuzi, nanjuta pansi pa sitepe. Adafotokoza zonse kuyambira pa kalata ya Nebert. A Chikaonda adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adapinda nyuzi n'kuseka.

"Ndiye dzino lija linali limeneli?"

"Pepani, bwana."

"Jobu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ngwamphepo."

"Zoona, bwana. Koma wapamphunoyu sakumanga nyumba. Mkazi wanga akugona m'khitchini mwa eni ake. Ndi miyezi isanu yokha, ndikabwera ndidzapitiriza ngati mungandilole."

A Chikaonda adayang'ana kapinga, nayang'ana mpanda, nayang'ananso mizere ya maluwa imene idali itangoyamba kuphukira.

"Chabwino. Munthu sakanizidwa mwayi wake. Kalatayo udzatenge Lolemba ndisananyamuke."

Tsiku lonse la Loweruka limenelo Jobu adagwira ntchito ngati wolembedwa dzulo. Adazula udzu ngakhale kuseri kwa thanki kumene sikufika maso a munthu. Mumtima ankadzidzudzula kuti adataya sabata zonsezi ndi mabodza pamene abwana ake adali munthu womva. Adatsimikiza kuti pobwera ku Halale adzawatengera bulangete labwino.

Lolemba a Chikaonda adamupatsa envulopu yayitali yomata, dzina la ofesi litalembedwa ndi makina. Jobu adailandira ndi manja awiri. Padali patatsala sabata ziwiri kuti Pasaka ikwane. Ali m'njira mvula idayamba, yamphepo, yolasa cham'mbali. Adaikulunga envulopuyo m'pulasitiki ya shuga, naiika m'kati mwa malaya, n'kuyenda chowerama ngati wobisa mwana. Adafika pamwamba paja madzi akuchucha m'buluku, koma kalata ili gwa, youma.

"Lero ndiye mwamaliza," adatero mayi Bernadetta akumwetulira. Adadinda envulopuyo kusonyeza kuti yalandiridwa, naing'amba m'mbali ndi mpeni wa mapepala.

Adawerenga. Kumwetulira kuja kudachoka pang'onopang'ono. Adafika pansi, nabwereranso pamwamba. Kenaka adavula magalasi.

"Bambo Zikhale, mumawerenga Chingerezi?"

"Ayi, mayi. Chichewa chokha."

"Ndiye simukudziwa zimene zalembedwa umu."

"Ndi zondimasula."

Mayiyo adayang'ana anthu a pamzere, natsitsa mawu, koma m'chipinda chopanda makatani mawu sabisika.

"Akuti inu ndinu wantchito wawo. Akuti mudagwirizana kuti mukhala mpaka ntchito ya pabwalo idzathe, ndipo siidathe. Akuti sakukumasulani, ndipo akupempha ofesi ino kuti isakupatseni chiphaso chilichonse."

Jobu adamva madzi a m'malaya mwake akuzizira nthawi imodzi. Kumbuyo wina adati, "Kalanga ine," motsitsa. Wina adakhosomola pofuna kubisa kuseka.

"Werenganinso, mayi. Mwina mwalumpha mzere."

"Mizere yake ndi isanu ndi umodzi yokha, bambo."

"Ndiye ndibwezereni. Tichite ngati sindinabweretse."

"Ndadinda kale. Komanso kalata ya munthu wamkulu ngati ameneyu sindingaibise, ntchito ingandithere. Chimene chingathandize n'chakuti iwo omwewo alembe ina yofafaniza iyi." Adavalanso magalasi. "Pepani. Ndikadadziwa ndikadayamba ndawerenga."

Jobu adatola pulasitiki ya shuga ija pakauntala, naipinda bwinobwino ngati ili ndi ntchito, n'kutuluka. Pansi pa masitepe adaima nthawi yaitali akuyang'ana anthu oponda dothi ndi onyamula njerwa pa nyumba ina imene inkamangidwa tsidya la msewu. Chimene chinkamuwawa koposa sichidali kukanidwa. Chidali chakuti iye mwini ndiye adanyamula chikanizocho pachifuwa, akuchitchinjiriza ku mvula.

Madzulo a tsiku lomwelo adatsegula geti monga mwa masiku onse. Galimoto italowa, sadabwerere kumaluwa. Adadikira a Chikaonda atsike, ndipo ulendo uno sadanjute.

"Bwana, kalata ija andiwerengera."

A Chikaonda adatseka chitseko cha galimoto mosafulumira.

"Ndiye wamva. Jobu, iwe sumvera wailesi. Kumene ukufuna kupitako kuli nkhondo m'tchire, mafamu omwewo ndi amene akuwotchedwa. Ndakuchitira zimene bambo amachitira mwana wake. Tsiku lina udzandithokoza."

"Mwina n'zoona, bwana. Mukadandiuza Loweruka pakhonde paja kuti ayi, ndikadamva. Munthu wamkulu akakana, wakana. Koma munanditumiza ndi chingwe chondimangira ine ndemwe, ine n'kumathokoza."

"Samala pakamwa. Ndidakupeza ulibe ngakhale pogona."

"Munandipatsa pogona, sindikana. Ndikupempha chinthu chimodzi. Lembani kalata ina yondimasula. Koma muilembe m'Chichewa, ndiione ndi maso anga."

"Makalata a boma salembedwa m'Chichewa."

"Ndiye lembani m'Chingerezi, musamate. Ndikapeza wondiwerengera panjira."

Nkhope ya a Chikaonda idasintha. Adona adali ataima pawindo la khitchini, nsalu yopukutira mbale ili m'manja.

"Ndiye kuti ine ndakhala wabodza pakhomo panga pomwe? Mwezi wamawa kubwera alendo kudzaona nyumba ino. Ukufuna apeze tchire? Kalata ina kulibe. Ukafuna ntchito, khasu lili apo. Ukatuluka pageti limenelo, usadzaligogodenso."

Adalowa m'nyumba. Jobu adatsala yekha pafupi ndi galimoto imene inkatenthabe. Adazungulira kuseri, natsuka khasu, fosholo ndi chodulira mpanda, naziika m'malo mwake. Kutacha adakulunga zovala zake m'bulangete, nasiya kiyi wa sitolo ya zipangizo pa sitepe ya khitchini, n'kutuluka anthu asadadzuke.

Adafika kumsika dzuwa litakwera. Efelo adali akuunjika tomato m'timilu. Ataona mtolo pamutu pa mwamuna wake tsiku la pakati pa sabata, manja ake adaima. Jobu adakhala pa dengu lovundikira n'kufotokoza. Pakati pa nkhani padabwera mayi wogula anyezi, Efelo adamugulitsa osamuyang'ana n'komwe, nati, "Pitirizani."

Atamaliza, Efelo ankangopukuta tomato mmodzi yemweyo.

"Ndiye kuti pepala lija limamvera munthu mmodzi."

"Limamvera amene amadziwa chilankhulo chake," adatero Jobu. "Basi, Naphiri, zatha. Ndilembera akulu anga kuti apeze wina. Ku City Centre akulemba anthu oponda dothi tsiku lililonse. Mawa ndikaima pamzere umenewo, suli ngati winawu, sufuna zithunzi."

"Mukaponde dothi la nyumba za anthu ena."

"Nanga nditani? Ndidakulonjezani kuti selufu sindipita. Sindipita."

"Ndipo muzikagona kuti? Kwa akulu anga m'khitchini muja tikhalemo awiri, pamodzi ndi nkhuku zawo?"

Efelo adamuyang'ana. Adaona mmene masaya adalowera m'sabata zimenezi, ndi matope ofiira a dzulo amene adaumira m'miyendo ya buluku. Adaika tomato uja pamulu, naimirira, namanganso chitenje.

"Sauda, tandionerako pano," adauza mnzake wa pambali. "Inu tiyeni."

Adadutsa pakati pa ogulitsa nsalu ndi ogulitsa misomali, Efelo patsogolo, Jobu pambuyo ndi mtolo wake, mpaka pakhonde la telala. Che Sadiki adali ndi mapini pakamwa. Ataona mtolo uja adawalavulira m'dzanja.

"Chiphaso chatuluka?"

"Che Sadiki, lole ya mphwanu ija imanyamuka nthawi yanji?" adafunsa Efelo.

Telalayo adayang'ana Jobu, nayang'ananso Efelo.

"M'mamawa, akangotuluka mumzikiti. Koma mlamu, si inu mudati ndisokere m'thumba?"

"Sosolani. Muwauze a Mikaili kuti Lachinayi asunge malo a anthu awiri."

"Awiri?" adatero Jobu. "Naphiri, njira imeneyo si ya munthu wamkazi. Kuli mitsinje, kuli asilikali, kuli masiku ogona m'tchire."

"Kuli akazi kumafamu kumeneko kapena kulibe, Che Sadiki?"

"Aliko. M'zigafa ambiri osankha fodya ndi akazi."

"Ndiye adafikako bwanji, adauluka? Ine fodya ndidayamba kusankha kwa amalume ndisadakudziweni inu. Njala ndingaipirire, minga ndingaipirire. Chimene ndakana ndi kukhala pano n'kumayang'ana kumsewu. Chokuonani inu chindione nane."

"Nanga malo anu a mumsika? Mudavutika nawo kuti muwapeze."

"Sauda ali ndi mng'ono wake amene akuwafuna. Akhalepo mpaka tidzabwere."

Che Sadiki adakanda m'ndevu. Nthabwala zidali zitamuthera.

"Mukatsika ku Dedza musadzafunse njira kwa munthu wa yunifolomu," adatero. "Ndikulemberani maina a anthu atatu, wina pamalire, wina ku Tete, wina kutsidya, mukalowa dziko la Halale. Muwasunge pamtima, kapepalako mukataye. Mutenge mchere ndi machesi. Ndipo mlamu, chitenje chowala chimenecho chitsale."

Efelo adagwedeza mutu, natembenuka kubwerera kumalonda ake. Padali tomato wa masiku awiri woti athe.

Jobu adamuyang'ana mpaka adalowa pachipata cha msika. Adatula mtolo, nakhala pa benchi, navula nsapato ya kumanja n'kuitembenuza. Kunsi kwake kudali kutabooka, chala chinkatha kulowa.

"Che Sadiki, wosoka nsapato uja akadali kuseri kwa msika?"

"Akadali komweko."

"Ndisungireni mtolowu. Ndikamupatse ziwiri zonse, ndi za Naphiri zomwe."